Mutu 5: Nkhafi za Dércio

1. Mlendo wa ku Panda

Nelito atangofika kunyanja kuchokera kwawo ku Panda, anthu a padoko anamuseka mpaka nthiti kuwawa. Anali mwana wakumtunda, wodziwa mbuzi ndi chinangwa basi. Tsiku loyamba kukwera boti anasanza tiyi yense amene anamwa m'mawa, kenako anagona pansi ngati thumba la ufa n'kumapempha kuti amubwezere kumtunda.

Amene ankaseka kuposa onse anali msuweni wake Dércio, mwana wa a Jossias Guiamba, eni ake a botilo. Koma kunali kuseka kopanda chiwembu. Dércio yemweyo ndiye anamuphunzitsa kumanga mbedza, kudula karapau wa nyambo, ndi kuyang'ana patali mseru ukayamba. Zinkamukomera kukhala ndi munthu womufunsa chilichonse. Ndani sakonda kutchedwa katswiri?

Chaka chisanathe, zinthu zinatembenuka.

Maso a bambo Jossias anayamba kuchita nkhungu. Kwa msodzi wa pamatanthwe limeneli ndi tsoka lalikulu, chifukwa panyanja palibe njira kapena chikwangwani. Thanthwe la pansi pa madzi amalipeza poyang'ana kumtunda. Mtengo wakuti ukalunjika pa chulu cha mchenga chakuti, ndipo mbali inayo denga lakuti likabisala kuseri kwa mitengo yakuti, ndiye kuti wafika. Ukaphonya pang'ono nyambo imagwera pamchenga, ndipo umabwerako ndi njala yako.

Banja lililonse lili ndi zizindikiro zake ndipo siliuza munthu. A Guiamba anali ndi malo awo otchedwa Mwala wa Agogo, kumene agarupa, nsomba zikuluzikulu za m'matanthwe, amasonkhana nyengo yozizira. Zizindikiro za kumeneko amauzidwa munthu mmodzi yekha pa m'badwo uliwonse. Dércio anapitako kambirimbiri ndi bambo ake, koma gombe lonse ndi mitengo ya kokonati yokhayokha, ndipo wosauzidwa sangadziwe kuti mtengo wake ndi uti. Sankadandaula. Anakula akudziwa kuti tsiku lina wodzauzidwayo adzakhala iye.

Ndiye masana ena anaona bambo ake akukwera chulu cha mchenga atagwira phewa la Nelito. Anakhalitsa pamwambapo, mkono wa mkuluyo ukuloza uku ndi uku. Dércio anali pansi akupala mamba. Anapitiriza kupala nsomba imene inali itayera kalekale.

2. Injini ya Nelito

Madzulo Dércio analowa kukhitchini nkhope ili ndwii. Mayi ake, a Rabeca, anali akupala kokonati wothira m'matapa, ndiwo za masamba a chinangwa. Anawafunsa ngati iye anali mwana wotola, poti zinthu za banja zayamba kupita kwa alendo.

Mayiwo sanamunyengerere. Anamukumbutsa za chaka chatha, pamene bambo ake anamuuza zizindikiro za kathanthwe kena kakang'ono pofuna kumuyesa. Dércio anakaziulula kubwalo la mpira kuti anyamata amutame. Sabata isanathe maboti anali mbwee pamalopo, ena mpaka kuponya maukonde, moti lero ngakhale kansomba kopatsa mphaka sungakapezepo.

"Iwe pakamwa pako m'pobooka," anatero osasiya kupala. "Ndipo Nelito si mlendo, ndi mwana wa mlongo wa bambo ako. Alibe bambo mwana uja. Iwe boti lidzakhala lako, nyumba ino idzakhala yako. Iye akadziwa mwala umodzi wa pansi pa madzi wakulanda chiyani?"

Dércio anayankha kuti wamulanda zonse, natuluka akunena kuti sadya. Komatu matapa a mayi Rabeca sakanidwa nthawi yaitali. Anabwerera chakachetechete kudzakombeza mphika.

Mwezi wa Juni unafika ndi kuzizira kwake. Madzi anayera, anamgumi anayamba kudutsa kutali akupuma utsi woyera, ndipo asodzi ankadikira masiku amene mwera umaleka kuti atuluke. M'boti la a Guiamba malo okhala anasintha. Nelito anaikidwa kumbuyo ndi chingwe, poti ndiye anali maso a boti. Bambo Jossias anakhala kutsogolo. Dércio, pokhala wamapewa, anapatsidwa nkhafi.

Abale, anthu a padoko sachedwa kuona zinthu. Tsiku lachiwiri lomwe, mnyamata wina wonyogodola dzina lake Anselmo anafuula boti likukocheza: "Taonani injini ya Nelito yafika. Kodi imamwa mafuta angati patsiku, Nelito? Tibwerekeko mawa."

Dzinalo linamatirira. Ana ankamutsatira Dércio akulira ngati injini. Amayi ogula nsomba, omwe kale ankathamangira kwa iye, tsopano ankamudutsa ngati mtengo n'kumakapempha Nelito kuti awasungire garupa wonona. Nelito ankachita manyazi ndi kuloza msuweni wake, akunena kuti agwira onse awiri, koma ndani ankamva?

Nsanje inamudya Dércio, ndipo inamudya kwenikweni. Chilichonse cha Nelito chinayamba kumunyansa: kayendedwe kake, katafunidwe kake, ngakhale ulemu wake womwe. Nelito akati "zikomo malume," Dércio ankamva ngati akumutukwana.

Tsiku lina akutsuka boti awiriwiri, anayesa njira ina. Anamukumbutsa Nelito amene anamuphunzitsa kumanga mbedza, ndi amene anamugwira mutu tsiku losanza lija. Kenako anamupempha kuti angomutsina khutu za mtengo umodzi wokha.

"Msuweni, ukanandipempha malaya ndikanavula pompano," anatero Nelito. "Koma izi malume anandiletsa. Afunse iwowo."

"Malume, malume. Kodi anakubereka ndi iwo?"

Nelito anangowerama n'kupitiriza kukapa madzi. Kuyambira tsikulo Dércio anasiya kumulankhula.

3. Mawu a bambo Jossias

Mwera unawomba kwa masiku angapo, kenako madzulo ena unangoti zii. Bambo Jossias anaitana anyamata awiriwo. Anali atakhala pa boti lakale logadabuzika, akudutsitsa chingwe chachikulu pakati pa zala pofufuza pamene pakhulika.

"Khalani pansi nonse," anatero. "Mawa tikupita ku Mwala wa Agogo, ndipo kumeneko sikufanana ndi kumene mwakhala mukuseweraku. Agarupa a kumeneko ena ndi aakulu ngati inu nomwe. Mvetserani, sindibwereza.

"Pamwala uja sitiponya nangula. Akakodwa m'matanthwe satuluka, ndipo funde likabwera boti limamira chamutu. Nangula wathu ndi munthu wa nkhafi. Iye ndiye amaimitsa boti pamalo pake madzi akamalikoka.

"Garupa sathawira kutali ngati nsomba zina. Ali ndi phanga lake pomwepo. Akameza nyambo amatembenuka kuti alowe, ndipo akalowa amatukumula makha ake n'kudzitsekera. Pamenepo ngakhale mutabwera mudzi wonse simumutulutsa. Nthawi yomugonjetsa ndi yochepa, ngati ya kupuma kawiri katatu. Wa chingwe payekha sangathe. Wa nkhafi ayenera kupalasa pomwepo, molunjika kwakuya, kuti boti limukoke garupayo kumuchotsa pakhomo pake.

"Iwe Nelito, chingwe ichi chikayamba kuthawa m'manja mwako, chileke chipite. Usachikulunge padzanja. Ndanena kuti usachikulunge. Nsomba ikalowa m'phanga, chingwe chimakhala ngati chamangidwa padziko, ndipo funde likanyamula boti, chimene chimaduka si dziko ayi. Ndawaona amuna anzanga akudya ndi zala zitatu chifukwa chokana kutaya nsomba imodzi."

Nelito anavomera ndi mutu. Mkuluyo anatembenukira kumene Dércio anakhala.

"Tsopano iwe. Ukuganiza kuti ndakuchotsa pampando. Ndakumva momwe umaikira mbale pansi msuweni wako akalowa m'nyumba. Ndamvanso za dzina limene akupatsa padoko. Amene amakusekawo ndi anthu oyeza nsomba ili kale pamchenga, sadziwa kuti inafika bwanji. Ine ndinapalasira agogo ako zaka zambiri asanandiuze mtengo ndi umodzi womwe, ndipo palibe mayi wogula nsomba amene ankadziwa dzina langa. Sindinafe nazo.

"Nkhafi ndakupatsa chifukwa moyo wa tonse atatu uli pamenepo, ndipo mikono imene ndimaikhulupirira ndi yako. Pakamwa pako ndiye sindinayambe kupakhulupirira. Zimenezo zikonzeka ukakula. Koma mkwiyo uli mumtima mwakowo sindikuufuna m'boti langa. Mawa ukamavula masilipasi pamchenga, uwuvulenso uwusiye pomwepo. Ukabwerako udzautenge ngati udzaufunebe. Wamva?"

"Ndamva, papa."

Anamva ndithu, koma mwa mawu onsewo anatolapo amodzi okha, akuti pakamwa pake sakupakhulupirira. Ndipo ananenedwa Nelito ali pomwepo.

4. Pa Mwala wa Agogo

Anakankha boti kum'mawa kutangoyamba kufiira. Mchenga unali wozizira moluma mapazi. Nyanja inali bata, kungoti mafunde aataliatali otsala ndi mwera ankabwera mwaulesi, kunyamula boti ndi kulitsitsa.

Dércio anapalasa mpaka thukuta linatuluka ngakhale kunkazizira. Wopalasa amakhala chofulatira kumene akupita, choncho maso ake anali pa Nelito ulendo wonse. Nelito anali atatembenuza khosi kuyang'ana kumtunda, milomo ikugwedera ngati akupemphera. Ankati pang'ono kumanja, Dércio n'kukhotera kumanja. Ankati wapitirira, Dércio n'kubwerera. Mwana wa mbuzi uja lero akulamula mwana wa mwini boti! Nkhafi iliyonse imene Dércio ankaponya inkamuwawa mumtima.

"Tafika, malume," anatero Nelito.

Anatsitsa chingwe. Chisanakhale n'komwe, chinagwedezeka. Dércio anapalasa monga mwa ntchito yake, ndipo garupa woyamba anatuluka, wofiirira wamawangamawanga, kukamwa kuli yasa. Wachiwiri sanachedwe. Bambo Jossias ankapapasa nsomba iliyonse ndi manja n'kumaseka ngati mwana.

"Watiika pakhomo penipeni, mwana wa mlongo wanga," anatero. "Ngakhale ine maso ali bwino sindinkalasa chonchi. Agogo ako akanakuona akanavina."

Za amene anaimitsa boti pakhomopo sananenepo kanthu. Mwina anaona kuti ananena kale dzulo. Akuluakulu nthawi zina amaiwala kuti mwana amafuna kumva lero.

Dzuwa litakwera pang'ono, Nelito anakola karapau wathunthu pa mbedza yaikulu n'kutsitsa. Panapita kanthawi kuli zii. Kenako chingwe chinakoka mwamphamvu moti Nelito anagwada, chifuwa n'kugunda m'mphepete mwa boti. Chingwe chinalira podutsa pathabwa. Bambo Jossias anadziwa ndi kulirako kuti uyu sanali mnzawo wa awiri aja.

"Ndi mwini mwala ameneyo. Palasa, Dércio!"

Dércio anaziona zonse nthawi imodzi: nsomba yaikulu ngati munthu itagonekedwa pamchenga, mudzi wonse utazungulira, Nelito atanyamulidwa m'mwamba, ndi Anselmo akufunsa ngati injini yatenthako. Nkhafi zinali m'manja mwake, nsonga zake zili pamwamba pa madzi, zikudontha.

Sanazitsitse.

Sanafune zambiri ayi. Anangofuna kuti nsombayo ilowe m'phanga, chingwe chiduke, Nelito abwerere kumtunda wamanyazi kamodzi kokha. Anapuma kamodzi. Anapuma kawiri.

Nelito anadzutsa maso namuyang'ana. Anayang'ana nkhafi, nayang'ananso nkhope ya msuweni wake. Chingwe chinali chikuthawa m'manja mwake, chikuwotcha zikhatho. Kumbuyo kwa Dércio malume ake anali akufuula kuti asamutaye. Mwana wofuna kukondweretsa uja anachita chimene analetsedwa. Anakulunga chingwe padzanja lamanja, kawiri.

Apo m'pamene Dércio anamiza nkhafi. Anapalasa ndi mphamvu zake zonse, koma boti linangogwedezeka osasuntha. Garupa anali atalowa kale.

Funde linabwera, lalitali, losapupuluma. Linanyamula boti. Chingwe chinakungika ngati waya, ndipo Nelito anakokedwa mpaka theka la thupi linali kunja. Sanakuwe. Anangotulutsa kamawu kakang'ono ngati kamwana ka mbuzi. Dércio anataya nkhafi namugwira m'chiuno. Bambo Jossias anakwawa kuchokera kutsogolo mpeni uli kukamwa, anapapasa mkono wa mnyamatayo mpaka anapeza chingwe, nachidula.

Onse anagwera m'boti. Madzi a pansi pa mapazi awo anafiira, ndipo sanali magazi a nsomba.

Mkuluyo anavula malaya ake namanga dzanjalo mopapasa. Anafunsa ngati zala zonse zilipo. Dércio anayang'ana, nayankha kuti zilipo, koma ziwiri zachekeka mpaka fupa likuoneka.

"Tiye kumtunda," anatero bambo ake.

Dércio anapalasa tsiku limenelo kuposa masiku onse a moyo wake. Zikhatho zinatuluka matuza, matuzawo n'kuphulika, iye osamva. Nelito anakhala moyang'anana naye njira yonse, atakumbatira dzanja pachifuwa. Sanamuyang'anenso kumaso.

5. Zonena za padoko

Anthu anaona kapalasidwe kake ali kutali nadziwa kuti kwagwa zina. Boti lisanagunde mchenga amuna anali atalowa kale m'madzi. Anamunyamula Nelito, ndipo ali m'manja mwawo mafunso anayamba. Zatani? Shaki kodi? Mbedza?

Dércio anaima atagwira boti. Ankadikira kuti chala chimuloze.

"Ndinakulunga chingwe," anatero Nelito motsitsa mawu. "Malume anandiletsa koma ndinakulunga."

Basi, anathera pomwepo. Anthu anapukusa mitu. Ena anati ana akumtunda ndi choncho, ungawaphunzitse bwanji samva. Mayi wina amene dzulo lake ankamunyengerera kuti amusungire nsomba anati iye ankaona kale kuti mwanayu akuthamangitsidwa. Anapeza galimoto ya munthu wogula nsomba, ndipo Nelito anapita kuchipatala ku Inharrime ndi malume ake.

Otsalawo anatembenukira kwa Dércio. Anamusisita pamsana. Anaona zikhatho zake zosupuka nati uyu ndiye mwamuna, wapulumutsa msuweni wake. Ngakhale Anselmo anabwera, nanena kuti za injini zija zinali zocheza chabe, ndipo kuyambira lero wozitchulanso aonana ndi iye.

Zimene Dércio ankazilakalaka mwezi wonse zinabwera tsiku limodzi, ndipo zinamunyansa ngati nsomba yogona padzuwa. Anathawira kunyumba. Mayi ake anamupaka mafuta m'manja akumuyamikira, iye n'kumangoyang'ana kukhoma. Tsiku limenelo mphika sanaukombeze.

6. Pamwamba pa chulu

Bambo Jossias anabwerako patapita masiku, ali okha. Anati madokotala asoka bwino ndipo zala sizidulidwa, koma ziwirizo mwina sizidzapindikanso. Anatinso mayi ake a Nelito, a Celestina, anafika kuchipatala kuchokera ku Panda, ndipo abwera masana omwewo kudzatenga zovala za mwana wawo. Nelito wanena kuti kunyanja sabwereranso.

Atamwa madzi anaitana Dércio kuti awaperekeze. Anamugwira phewa, nakwera naye chulu cha mchenga chija.

Pamwamba mphepo inali yozizira. Mkuluyo anayamba kulankhula ngati akuwerenga katundu. Anamuuza kuti ayang'ane kumpoto, apeze mtengo wa kokonati wopindika khosi umene waima pawokha kuseri kwa manda. Umenewo ulunjike pa chigamba choyera cha chulu chachitali. Kenako kumwera, denga la tchalitchi chakale lingotsala ngodya imodzi kuseri kwa mitengo. Anamuuza kuti abwereze. Dércio anabwereza.

"Ndi zimenezo," anatero bambo ake. "Zonse zimene unkafuna ndi zimenezo. Mtengo umodzi ndi denga limodzi."

Mkuluyo anapitiriza.

"Usaganize kuti ndakuuza chifukwa wakula. Ndakuuza chifukwa banja liyenera kudya, ndipo amene ndinamusankha sadzagwiranso chingwe. Ndamufunsa mwana uja kuchipatala, usana ndi madzulo, kuti andiuze zimene zinachitika. Akungoti anakulunga chingwe. Ndi zoona, anakulunga. Koma ine ndakhala m'boti kuyambira ndisanamere ndevu. Tsiku lija ndinamva chingwe chikulira. Ndinamva mawu anga ndikukuitana. Chimene sindinamve ndi nkhafi kulowa m'madzi. Ndinazimva mochedwa."

"Papa..."

"Usandiyankhe ine. Mwina ndi ukalamba, mwina makutu nawo ayamba kutsatira maso. Munthu wosaona sangaweruze mlandu. Azakhali ako anandifunsa kuti mwana wawo anavulala bwanji, ndipo ndinawauza zoona, kuti ine sindinaone kanthu. Ndinati amene anaona zonse ndi amene anakhala moyang'anana naye. Akufuna amve kwa iwe. Chimene ukawauze ndi chako. Ukanena kuti unapalasa nthawi yake, palibe adzakutsutse, ngakhale ine. Tidzakwera boti limodzi mawa ndi mkuja, iwe kumbuyo ndi chingwe, wina pa nkhafi. Ndipo tsiku lililonse nsomba ikakoka, udzayang'ana manja a wopalasayo."

Anatsika chulucho. Dzanja la mkuluyo linali paphewa pake ngati pokwera paja, koma Dércio ankalimva kulemera.

Atafika kunyumba anapeza azakhali Celestina atakhala kale pamkeka ndi mayi ake, fumbi la ulendo lili m'mapazi. Anali mayi wamng'ono thupi, wamaso ofiira ndi kusagona. Atangomuona Dércio, azakhaliwo anadzuka, namugwira manja onse awiri, nawatembenuza kuti aone zikhatho. Ataona mabala aja anayamba kulira.

Anati anthu awauza zonse za momwe Dércio anapalasira. Anati pakanapanda iye, mwana wawo mmodzi yekhayo akanatha magazi panyanja. Anamasula kathumba natulutsa nkhuku yowotcha imene anagula panjira, nati alibe china chomuthokozera nacho.

Bambo Jossias anakhala pampando wawo pafupi ndi khomo, natembenuzira khutu kumkeka.

"Khala apa, mwanangu," anatero azakhaliwo akumukokera pansi pambali pawo, osamusiya dzanja. "Nelito sakundiuza kanthu, akungoyang'ana kukhoma. Iwe ndiye unali naye pafupi. Tandiuza bwinobwino, kuyambira pamene nsomba inakoka. Iwe unatani?"